A Phuma ndi Mafuta a M'kati mwa Mnofu

A Phuma sanakhalepo pampando mpaka mpandowo kufunda. Kubutchala kumene agwirako ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kuli kampando kachitsulo pafupi ndi chitseko cha chipinda chozizira. Anakaika pamenepo chifukwa cha iwo, bondo litayamba kuwavuta, koma lero pamangokhala nsanza zopukutira ndi tupa. Tiyi amamwa choimirira, foni amayankha akuyenda, ndipo munthu akamawafotokozera nkhani pang'onopang'ono amamumalizira okha, kawirikawiri molakwika. Dzina lawo lenileni lili pachiphaso. Ili la Phuma anawapatsa ndi malemu amuna awo atangokwatirana kumene, chifukwa ankati akadzala mbewu lero, mawa ali pomwepo kufukula kuti aone ngati yamera.

Pabutchalapo analowa ali mtsikana, ntchito yawo ili yokolopa magazi. Tsiku lina wodula nyama anadzicheka chikhatho makasitomala atadzaza khonde, ndipo iwo anangotsamiritsa chokolopera kukhoma n'kutola mpeni popanda wowatuma. Anadula mokhotakhota, anakalipiridwa, koma mpeniwo sanaubwezenso. Ng'ombe ndi mbuzi anasiyira ena. Iwo anakhala wa nkhumba.

Anthu ambiri akamva kuti nkhumba yanona amaganiza za chimafuta choyera chija cha pansi pa khungu. A Phuma amati amenewo ndi malaya chabe. Mafuta amene iwo amasaka ndi ena, timizere toyera topyapyala ngati ulusi, tomwazikana m'kati mwa mnofu wofiira wa pamsana. Nyama ya timizere ukaiika pamoto imadzithira yokha mafuta n'kutuluka yofewa. Yopanda timizere, ngakhale itavala malaya okhuthala bwanji, imatuluka youma, yotafuna mpaka nsagwada kuwawa. Malayawonso amawayesa. Nkhumba ikagona usiku umodzi m'chipinda chozizira, amadina mafuta ake ndi chala chachikulu. Abwino amakana chala. Oipa amalola, pamatsala kadzenje, chala n'kutuluka chili noninoni.

Zonsezi sanaziwerenge m'buku. Anaziphunzira pachitseko chakumbuyo, pamene alimi amatsitsira nkhumba zawo zochokera kophera. Mlimi asanapume n'komwe, funso linali litamupeza kale.

"Mwaidyetsa chiyani iyi? Musandinamize, ndiona ndekha mawa."

Mawa lake ankaonadi. Yodya nsomba zouma mpaka tsiku lomaliza inkanunkha nsomba m'poto. Yomwetsedwa mafuta okazingira otsala m'malo odyera inkakhala ndi mafuta achikasu, osalimba ngakhale itagona masiku atatu mozizira. Yodya ufa wambiri, kaya wa chimanga kaya wa chinangwa, inkadzipangira yokha mafuta ake, ndipo amenewo ankauma gwa, oyera mbee. Chimene chinawazunguza mutu zaka zambiri ndi timizere tija. Nanga bwanji nkhumba za alimi odyetsa bwino, othira soya mosaumira, zinkabwera zikuluzikulu koma m'kati mopanda kanthu? Anawamasulira ndi mlangizi wa ziweto wina amene anangobwera kudzagula nthiti. Anati soya ndi womanga mnofu, ndiye nkhumba ikamupeza wokwanira mpaka mapeto imangomanga mnofu wokhawokha. Ukamuchepetsako miyezi iwiri yomaliza, ufa n'kusiya wambiri, mphamvu yotsala imasowa kolowera, ndipo imakakhazikika ngati mafuta m'kati mwa mnofu momwemo. Bamboyo anali asanamalize. A Phuma anamuwonjezera nthiti ziwiri n'kumuperekeza pakhomo kuti iwo aganize bwino.

Koma tinene chilungamo. Nkhumba zonse zimene a Phuma ankazidziwa zinali zakufa. Zinkawapeza zopalidwa ubweya, zotumbulidwa, zopanda mutu, poti mitu ndi ziboda zimapita patebulo lina. Yamoyo anali asanaiponyerepo ngakhale khoko la nthochi.

Woweta nkhumba m'banjamo anali mlongo wawo womaliza kubadwa, amene mpaka lero amangomuti Mzime ngakhale imvi zinafika kale m'ndevu. Anamulera okha amayi awo atayamba kudwaladwala, ndiye sanasiye kumuona ngati mwana wofunika kumupukuta mamina. Mzime anayendetsa basi zaka zambiri mpaka maso atayamba kumuvuta. Atamutsitsa pachiwongolero anakhala chaka chathunthu pakhonde osayankhula ndi munthu, kenako anadzuka n'kumanga makola atatu a njerwa kuseri kwa nyumba. Awiriwa ukawaona sungati ndi a mimba imodzi. Mzime amatha kuima theka la ola atatsamira khoma la khola, akungoyang'ana nkhumba zikudya. Ankazikonda, ndipo chikondi chomwecho n'chimene chinkaziwononga. Soya ankathira ngati amamutola pamsewu, pamwamba pake n'kutsanulira mafuta okazingira otsala amene ankakatenga m'zigubu kumalo odyera a pamphambano. Ankati zizisalala khungu.

Amene anamupezera malo pachitseko chakumbuyo chija ndi a Phuma, ndipo amene ankamubisira ndi iwo omwe. Katatu konse nkhumba za Mzime zitabwera, anazidula okha mwachangu n'kuzikankhira kumakina ogayira nyama wina asanazigwire. Kachinayi anachedwa. Mwini butchala, mwana wa bwana wakale, amene a Phuma anamuona akuyenda ndi kabudula wa sukulu, anali atalowa kale m'chipinda chozizira.

"Mayi, tabwerani kuno."

Anadina mafuta a nkhumba yoyamba pamzere. Kadzenje kanatsala.

"Izi munandiphunzitsa ndinu. Ndiye tandiuzani, ichi n'chiyani?"

"Mafuta ofewa."

"Nkhumba za ndani?"

"Mukudziwa kale, bwana. Mukufuniranji kuti ndichite kutchula?"

"Ophika a kuhotela abweza nyama kawiri mwezi uno. Akuti ikuuma m'chiwaya ngati chikopa cha nsapato. Ine ndimakulemekezani, mayi, koma mlongo wanu asabweretsenso."

A Phuma anapukuta manja paepuloni ngakhale anali ouma. Ankadziwa kuti chitseko chimenecho ndicho chinamudzutsa Mzime pakhonde paja, ndipo chikatsekeka adzabwerera pampando womwewo. Munthu anatsitsidwapo kale kamodzi, sangatsitsidwe kachiwiri n'kudzukanso.

"Kukhola kwatsala zogulitsa zisanu. Mundipatse masabata asanu ndi atatu. Ndizidyetsa ndekha."

"Inu? Kudyetsa nkhumba?" Bwana anaseka, koma ataona nkhope yawo anasiya. "Chabwino. Masabata asanu ndi atatu. Ikabwera yofewa ngakhale imodzi yokha, basi kwatha, ndipo musadzandipemphenso."

Madzulo omwewo anatulukira kwa Mzime asanavule n'komwe majombo a kuntchito. Sanadutsire kukhomo lakumaso. Anazungulira nyumba, anapeza zigubu ziwiri za mafuta zili pamthunzi, n'kuyamba kuzikoka kupita nazo kudzala. Mzime anatuluka m'khola ndi tsache m'manja.

"Achemwali, mwabwera ndi nkhondo?"

"Nkhondo wayambitsa ndiwe. Bwana wakuchotsa. Ndakupempherera miyezi iwiri, ndiye kuyambira lero umva zanga."

Mzime anaika tsache pansi pang'onopang'ono. Sanafunse kuti wamuchotseranji. Zikuoneka kuti ankadziwa kale kuti nyama yake inkathera kumakina.

"Mafuta awa asadzalowenso muno. Soya, pamene umathira mbale zinayi, uzithira ziwiri ndi theka. Kwinako chimanga chogaya ndi ufa wa chinangwa, madeya pang'ono."

"Ndiye mukufuna ziwonde."

"Ndikufuna zinone m'kati. Iwe umangoziveka jekete, m'kati muli gwa."

"Sizikula msanga, achemwali."

"Zikupita kumpikisano ngati?"

Mkazi wa Mzime, amene amasoka zovala pakhonde ndipo kukhola safikako chifukwa cha fungo, anaimitsa makina ake n'kukuwa, "Bambo, apatseni mpando alamu anga, mwina kuno akhalako!" Palibe anaseka kupatula iye mwini.

Kuyambira tsiku limenelo a Phuma ankafika kukhola kawiri, m'mamawa asanapite kuntchito ndi madzulo akaweruka. Ankayeza okha mbale ziwiri ndi theka, n'kusalaza pamwamba ndi chikhatho kuti Mzime asawonjezere kamulu. Masiku oyamba nkhumba zinakana. Zinkanunkhiza chakudya, kuchikankha ndi mphuno, n'kulira mokweza zikuyang'ana mwini wake. Mzime ankatembenukira kukhoma, mtima ukumuwawa ngati akumana chakudya ana ake. Tsiku lachinayi njala inaziphunzitsa ndipo zinayamba kudya.

Zitayamba kudya, amene anasowa mtendere ndi a Phuma. Ankalowa m'khola, kugwira nkhumba pamsana, kudina ndi chala, nkhumba n'kuthawa ikulira. Ankadinanso ina. Palibe chimene chala chinkawauza, chifukwa mafuta a nkhumba yamoyo ndi ofunda, ndipo ofunda onse ndi ofewa, abwino ndi oipa omwe. Timizere tija ndiye tinali kutali, kuseri kwa khungu ndi malaya, kumene diso silifika. Moyo wawo wonse akafuna kudziwa chinthu ankangodula n'kuona. Tsopano yankho linkayenda ndi miyendo inayi patsogolo pawo, likuwanunkhiza majombo.

Kenako kukayika kunalowa. Nanga mlangizi uja atakhala kuti ankangocheza? Nanga zimene ankafuna kunena pomaliza zija, iwo n'kumudula, zitakhala kuti ndizo zinali zofunika? Mwina mbale ziwiri ndi theka zachepa. Mwina zachuluka. Kuntchito anayamba kudula nthiti zosafanana, zimene anali asanachitepo chitengereni mpeni. Kasitomala wina anapempha ya pamwendo, iwo anamukulungira ya paphewa, ndipo atadandaula anamukalipira. Mubasi ankaimirira mipando ilipo. Ankafika kukhola mtima uli m'mwamba, n'kuchokako uli m'mwamba momwemo.

Sabata yachitatu ili mkati anatulutsa zimene zinkawadya.

"Mzime, tiphe imodzi tione."

"Tione chiyani?"

"Ngati zikugwira. Zikapanda kugwira tisinthe nthawi ikadalipo."

"Munati masabata asanu ndi atatu. Ano ndi atatu."

"Ndiye tingokhala manja lende mpaka tsiku lomaliza, tikachite manyazi pamaso pa bwana?"

"Dikirani, achemwali."

Mawu amenewo anawamva Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Lachisanu Mzime atatopa anati adzakambirana Lamlungu. Kwa a Phuma munthu akavomera kukambirana ndiye kuti watsala pang'ono kugonja, ndipo wotsala pang'ono kugonja sachita kumudikira. Akhala choncho chibadwire.

Lamlungu butchala satsegula. Anatulukira m'mawa ndi mipeni yawo m'chikwama, kumbuyo kwawo kuli a Macheka, wocheka mafupa wa kuntchito kwawo, bambo wachikulire wa mapewa aakulu amene safunsa mafunso ambiri. Mzime anali atapita kuchigayo ndi wilibala. Khola lapakati linali lopanda kanthu, lotsukidwa ndi kupakidwa laimu, chitseko chili chotsegula kuti liume. A Phuma analiona n'kulidutsa.

"Dikirani eni ake, alamu, sachedwa," anatero mkazi wa Mzime ali pamakina.

Anadikiradi. Anateleka madzi mumgolo, anazungulira nyumba kawiri, anakasuzumira kumsewu. Madzi atayamba kuwira, kudikira kunathera pomwepo. Analowa m'khola lakumapeto, mmene nkhumba zinkakankhana pachodyera, ndipo diso lawo linagwera pa imodzi yaitali thupi, yotambalala msana, yofatsa. Zinzake zinathawira pakona, koma iyo inabwera yokha kudzanunkhiza dzanja lawo.

"Iyi."

A Macheka anawerama ndi chingwe, kenako anaima kaye. "Iyi yadulidwa khutu, mayi."

"Zimalumana izi. Mangani."

Zinatha msanga, poti awiriwa ntchito amaidziwa. Anaithira madzi otentha, anaipala ubweya, anaikoleka pamtanda wa denga la khola. A Macheka anatumbula, n'kuyamba kutsitsira zam'kati m'beseni. Mwadzidzidzi manja awo anaima.

"Mayi."

"Chavuta n'chiyani? Fulumirani, ntchentche."

"Tabwerani muone."

M'beseni munali chiberekero chotupa, chamfundomfundo. A Macheka anachiboola ndi nsonga ya mpeni. Munatuluka tiana, kalikonse kotalika ngati chala, tili kale ndi timphuno ndi tiziboda. Anatiyala m'mphepete mwa beseni. Tinali khumi ndi kamodzi.

Apo m'pamene a Phuma anatembenuka n'kuwerenga za m'khola. Pakona panaunjikana nkhumba zisanu, zonse zili moyo, zikuwayang'ana. Imene inali pamtandayo inali yachisanu ndi chimodzi.

 Ndipo zimene anachita kenako palibe angawaikire kumbuyo, ngakhale ife amene timawakonda. Mpeni unali kale m'manja, msana unali pomwepo, ndiye anadula. Anatsegula pakati pa nthiti, anachotsa kachidutswa ka mnofu wa pamsana, n'kukakweza kudzuwa kuti aone timizere. Nyama inali yofunda, yonjenjemera, yosaonetsa chilichonse. Ikanaonetsanso chiyani, poti nkhumba imeneyi inali isanadyeko chakudya chawo ngakhale tsiku limodzi?

Mzime anawapeza ali chomwecho, dzanja lili m'mwamba. Anatsitsa wilibala bwinobwino kuti thumba lisagwe. Anayang'ana pamtanda, anayang'ana mutu uli pambali, kenako anagwada pabeseni. Anakhalitsa pamenepo. Makina osokera pakhonde anali atasiya kulira.

"Ndangomusuntha m'mawa uno," anatero osakweza mutu, "kuti khola lake liume."

"Mzime, ine ndimayesa..."

"Uyu ndi mwana wa nkhumba yanga yaikazi ija inafa chaka chatha. Ndinasunga yekhayu. Ndinamudula khutu ndekha kuti asadzasokonezeke ndi zogulitsa. Kokamukweretsa ndinapita naye wapansi, maola awiri, chifukwa galimoto amaiopa."

A Phuma anafuna kunena kuti mitu si ntchito yawo, kuti makutu odulidwa amangowaona patebulo lina koma sanafunsepo tanthauzo lake. Anaona okha kuti si mawu oti munthu n'kutulutsa pakamwa.

Mzime anaimirira n'kuyang'ana kachidutswa kanali m'manja mwawo kaja.

"Mwapeza zimene mumafuna m'menemo?"

A Phuma anatsitsa dzanja lija.

"Achemwali, munandilera, sindingakutukwaneni. Nyamayo mutenge, ine sindiidya. Koma pakhomo pano musapondenso mpaka nditakuitanani ndekha."

Masabata asanu otsalawo a Phuma amati anali aatali kuposa chaka chimene anafedwa amuna awo. Manyazi anali pamenepo, owawa, osachoka ngakhale ali pakati pa ntchito. Koma pamwamba pa manyazi panali kusadziwa, ndipo kwa iwo kusadziwa n'kumene kumapha. Nkhumba zisanu zija zinkadya chiyani? Ankadzifunsa kuti akanakhala iwo, munthu atawaphera chiweto chotero, akanatani. Yankho ankalidziwa: akanakatola zigubu zija kudzala n'kutsanula mafuta onse tsiku lomwelo, mwadala.

Anayamba kutsika basi pamphambano ngakhale sipanali panjira yawo. Ankazungulira kuseri kwa malo odyera aja, kumene zigubu za mafuta otsala zimaikidwa. Lolemba zinalipo zitatu, zodzaza. Lachitatu kunalibe ngakhale chimodzi. Anamupeza wophika akusenda anyezi.

"Mafuta aja watenga ndani?"

"Amatenga anthu ambiri, mayi. Opanga sopo, a nkhumba, ena sitidziwa n'komwe kumene amapita nawo."

"Wa imvi m'ndevu, wovala magalasi okhuthala?"

"Ine ndimayang'ana m'poto, sindiyang'ana ndevu za anthu."

Anaimbira foni mlamu wawo.

"Alamu, mwadzuka bwanji, ana ali bwanji, zikudya chiyani?"

"Ana kapena nkhumba?"

"Musandizunze, alamu."

"Za kukhola ndauzidwa kuti ndisatsegule pakamwa. Mukafuna za madiresi, ndikuuzani mpaka foni ithe moto."

Kuntchito ananola mipeni yonse, ya anzawo yomwe, mpaka a Macheka anabisa tupa. Awiriwa za Lamlungu lija sanazitchulenso, koma a Macheka anasiya kumwera nawo tiyi. Tsiku lina madzulo a Phuma anayenda mpaka pakona ya msewu wa kwa Mzime. Inali nthawi yodyetsa, ndipo anamva nkhumba zikulira kuseri kwa nyumba, kenako zonse zii, kusonyeza kuti chakudya chathiridwa. Anaima pamenepo akukoka mpweya ngati angamve fungo la mafuta okazingira kuchokera patali chotero. Anangomva utsi wa magalimoto. Kanali koyamba m'moyo wawo kubwerera pakhomo pa munthu asanagogode.

Sabata yachisanu ndi chitatu itatha, nkhumba zinabwera masana pagalimoto yahayala kuchokera kophera. Mzime anathandiza kutsitsa, anapereka moni kwa bwana ndi kwa a Macheka, kwa mlongo wake anangogwedeza mutu, n'kukwera galimoto yomweyo. Zisanu zonse zinakolekedwa pamzere. A Phuma analowa m'chipinda chozizira kasanu ndi kawiri masana amenewo, koma manja anawasunga m'thumba la epuloni. Nyama inayenera kugona kaye, ndipo ulendo uno anaisiya igone.

M'mawa mwake anafika chitseko chisanatsegulidwe. Bwana atabwera analowa atatu, iye, a Phuma ndi a Macheka.

"Dinani ndinu, mayi," anatero bwana. "Ine ndidina pambuyo."

Mafuta a pamsana wa nkhumba amakhala m'magawo, lakunja pafupi ndi khungu ndi lam'kati pafupi ndi mnofu. A Phuma anayamba ndi lakunja. Linalola pang'ono, pang'ono penipeni, chotsalira cha masiku a zigubu.  Anatsitsa chala kugawo lam'kati n'kukanikiza ndi mphamvu zonse. Linakana. Chala chinatuluka chouma. Anapita pa yachiwiri, yachitatu, mpaka yachisanu, bwana akutsatira pambuyo ndi chala chake, ndipo panalibe kadzenje kotsala.

A Macheka anacheka fupa la msana, a Phuma anapitiriza ndi mpeni, ndipo mnofu unatseguka pansi pa getsi. Timizere tinali pamenepo, toyera, tanthambinthambi, tomwazikana kuchokera pakati mpaka m'mbali. Yachinayi inali ndi tochepa kuposa zinzake, koma tinalipo. A Phuma anaona zonse zimene mlamu wawo anakana kuwauza pafoni. Mzime sanathire ngakhale dontho la mafuta. Anayezabe mbale ziwiri ndi theka m'mawa ndi madzulo, masabata asanu, kutsatira mawu a munthu amene iye mwini anamuthamangitsa pakhomo pake. Misozi inawadzidzimutsa, ndipo anati ndi kuzizira kwa m'chipindamo.

Bwana anatembenuza kachidutswa kamodzi uku ndi uku, akumwetulira.

"Iyi ndiye nyama. A kuhotela akailawa sadzafunanso ina. Mumuuze mlongo wanu azibweretsa zisanu mwezi uliwonse, zoterezi, zonse ndizitenga."

"Ali panja," anatero a Macheka. "Wabwera kudzatenga zingwe zake."

A Phuma anakulunga kachidutswako papepala n'kuthamanga, bondo lovuta lija ataliiwala. Anamupeza pachitseko chakumbuyo atawerama, akukulunga zingwe zimene anamangira nkhumba dzulo lake.

"Mzime! Taona! Taona wekha!"

Mzime anapukuta manja pathalauza, analandira pepala lija, n'kuliyandikitsa kumagalasi ake. Analiyang'ana nthawi yaitali, monga amachitira ndi chilichonse.

"Ndi timeneti timizere take?"

"Ndi timeneti. Zonse zisanu. Mafuta ali gwa, ngakhale bwana wavomera."

"N'zokongola," anatero Mzime, ndipo ankanena zoona. "Munkadziwa zimene munkanena, achemwali."

"Akuti chitseko n'chako. Akuti zisanu mwezi uliwonse, zonse azitenga. Wamva? Mwezi uliwonse!"

Mzime anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso akadali papepala.

"Uja munapha uja akanaswa mwezi wamawa," anatero. "Kukhola kwatsala tsache ndi ndowa. Zisanuzo zibadwa kwa ndani, achemwali?"

 Mzime anawabwezera pepala lija ndi manja awiri, n'kuwerama kutola zingwe zake.